Kuphika single yoti igulitse, ndi nthawi yoyenera kuiponyera remix

Sabata yatha mfana wina anafika ku situdiyo flash ili m'manja, akuti bigi nyimbo yanga ija siikuyenda, yatha miyezi inayi pa YouTube koma oionera ndi abale okhaokha ndi anzanga a ku kwaya, ndiye ndapeza kangachepe ndikufuna tipange remix tiikemo dzina lalikulu. Ndinaimvera kawiri. Intro yokha masekondi 40, kolasi ikubwera mphindi imodzi ndi theka itadutsa kale, mawu ake amira pansi pa piyano ngati munthu akuyimbira m'mgolo. Ndinamuuza kuti amwene ndalamayo bwezani kaye m'thumba, mukaika dolo pa nyimbo imeneyi anthu adzangothamangira vesi ya doloyo n'kudumpha yanu, inu n'kutsala ndi ngongole. Zomwe ndinamuuza tsiku limenelo ndi zomwe ndalemba apazi, mwandondomeko yake.

Sitepe 1: Musanatsegule kompyuta dziwani komwe nyimboyo izikalira

Ili ndi funso lomwe ambiri amalidumpha chifukwa amafulumira kumva biti ikugunda. Nyimbo ya pa ukwati nthawi ya perekaniperekani ndi ina, ya mu kalabu 2 koloko usiku ndi ina, ya pa wailesi m'mawa anthu akupita ku ntchito ndi inanso, ndipo ya pa TikTok imangofuna kachidutswa kamodzi koti munthu avinire kapena aseweretse pakamwa. Sankhani malo amodzi akhale kwawo kwa nyimboyo, enawo ikafika ifike ngati mlendo.

Malowo ndi omwe akuuzeni liwiro. Amapiano ambiri amayenda cha pa 110 mpaka 115 BPM (kugunda kwa biti pa mphindi imodzi), afrobeats imakonda kutsikirako cha m'ma 100, ndipo DJ akamasakaniza nyimbo amafuna zoyandikana liwiro kuti asadule gule pakati. Mukapanga nyimbo yovina ya 87 BPM pomwe zonse zomwe DJ akuika usiku umenewo zili pa 112, azingokulonjezani kuti ndiika bwana ndiika, mpaka kucha.

Sitepe 2: Biti, ndipo funsani kuti ndi ya ndani

Kaya pulojusa akukupangirani pamaso panu kaya mukugula pa intaneti, funso ndi limodzi, mwagula yonse kapena mwangobwereka? Ma biti ambiri otchipa a pa intaneti ndi a lease, kutanthauza kuti yemweyo akugulitsidwanso kwa anthu ena, ndipo layisensi yake imakhala ndi malire a kuchuluka kwa ma stream kapena makope. Pomwe nyimbo sinadziwike palibe amakuvutitsani. Vuto limadzuka tsiku lomwe yaphulika.

Chitsanzo chomwe aliyense mu ntchito ino amachidziwa ndi Old Town Road ya Lil Nas X. Biti yake anaigula madola 30 okha kwa mnyamata wa ku Netherlands wotchedwa YoungKio, nyimbo n'kutuluka mu Disembala 2018. Koma mkati mwa bitiyo munali sampulo, kachidutswa kotengedwa mu nyimbo ya gulu la Nine Inch Nails, ndiye itagunda panafunika kukambirana ndi eni ake, ndipo Trent Reznor ndi Atticus Ross a gululo analembedwa pa mndandanda wa opeka nyimboyo. Iwo aja zinatha bwino poti panali kampani yaikulu ndi maloya. Inu ndi ine tikasampula gitala ya mdala wina wa m'ma 70 osapempha, ana ake akamva pa wailesi tidzakumana ku khoti kapena YouTube ingoitsitsa pomwe yayamba kukoma. Funsani pulojusa mosapsatira kuti mu bitimu muli chilichonse chotengedwa mu nyimbo ya munthu wina? Ayankhe pa WhatsApp molemba, osafufuta mesejiyo.

Sitepe 3: Masekondi 30 oyamba

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe nyimbo zambiri zimafera. Pa Spotify stream imawerengedwa munthu akamvera masekondi 30, akadumpha asanafike pamenepo simunapeze kanthu. Pa wailesi woulutsa amalankhula pamwamba pa intro, ikatalika amaidula yekha. Pa foni chala cha munthu chimakhala chili chire kuti apite pa ina. Ndiye ma intro aja oti pulojusa atchule dzina lake, inu mutchule lanu, mupereke moni ku Ndirande, ku Area 25, ku Chibavi, kwa amayi anu ndi kwa Mulungu, kenako piyano iyende yokha ma bar 16, amenewo asiyireni pa siteji.

Mmene ine ndimachitira ndi chonchi. Ndimatenga kolasi kapena kachidutswa kake kokoma kwambiri n'kukaika koyambirira penipeni, mwina theka lake lokha pa biti yopepuka, kuti munthu alawe. Mawu a munthu amveke masekondi 10 asanakwane. Vesi yoyamba ikhale yaifupi, kolasi yathunthu ifike masekondi 45 asanadutse, ngati n'kotheka msangako. Vesi yachiwiri musaibwereze ndendende, onjezani kanthu, kaya shaker, kaya mawu apansi oyankha, kaya chotsani besi ma bar awiri kuti ikabwerera anthu akuwe. Kuchotsa kumagwira ntchito kuposa kuonjezera, koma mafana ambiri akangogula ma plugin atsopano amafuna onse amveke mu nyimbo imodzi.

Kutalika kwake, ine ndimati mphindi ziwiri ndi theka mpaka zitatu basi. Old Town Road yoyamba ija sinakwane ndi mphindi ziwiri zomwe, ndipo kufupikako kumapangitsa munthu kuibwereza. Ngati ndi amapiano ndipo mukufuna ma DJ aikonde, apangireni yawo yaitali ya mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi yokhala ndi ng'oma zokha kumayambiriro ndi kumapeto, imeneyo ndi ya iwo, ya anthu wamba ikhale yaifupi.

Chinanso, pezani masekondi 15 omwe angaime paokha. Mverani nyimbo yonse n'kudzifunsa kuti mtsikana wa ku sekondale akafuna kujambula kavidiyo atenga pati? Mayi wogulitsa kaunjika akafuna kuika pa status atenga mzere uti? Ngati simukupapeza ndiye kuti palibe, bwererani mukalembe. Kawirikawiri umakhala mzere womwe anthu amaulankhula kale m'misewu, kapena pomwe biti imaima kenako n'kugwa.

Sitepe 4: Mawu

Sankhani kiyi yoti inu muyimbe momasuka komanso munthu wamba athe kutsatira ali kubafa. Kolasi ikakwera kwambiri moti inuyo mukuchita kutupa mitsempha ya m'khosi, pa shoo mudzavutika ndipo gulu silidzakuthandizani kuyimba. Jambulani ma take ambiri, pulojusa asankhe mizere yabwino alumikize. Autotune si tchimo, koma ikachuluka pa Chichewa imameza zilembo, anthu n'kumafunsana kuti akuti chani pamenepa. Mawu otukwana ngati alimo jambuliranitu ina yoyera tsiku lomwelo, chifukwa kubwereranso pakatha mwezi mawu samveka chimodzimodzi.

Sitepe 5: Mix ndi master, poganizira sipika ya foni

Mix ndi kusakaniza mawu ndi zida kuti zimveke bwino limodzi, master ndi kukonza komaliza kwa nyimbo yonse. Mu situdiyo chilichonse chimakoma, masipika a mmenemo, ma monitor aja, amanamiza. Anthu anu ambiri adzaimvera pa sipika ya foni, pa ka bluetooth ka pa msika, mu minibasi momwe sipika imodzi inang'ambika kalekale ndipo kondakitala akukuwa pamwamba pake. Sipika ya foni siitulutsa besi yapansi kwambiri, ndiye besi ya log drum kapena 808 yomwe ikugwedeza mawindo a situdiyo pa foni imangosowa, nyimbo n'kutsala mafupa. Mankhwala ake muuze wopanga mix aikeko saturation pang'ono pa besiyo kuti ibale timawu tapamwamba tomwe foni ingakwanitse, khutu limadzazitsa lokha zotsalazo.

Kenako yesani mu mono. Masipika ambiri ang'onoang'ono ndi a m'mabala amaphatikiza kumanzere ndi kumanja, ndipo zida zomwe munazitambasula kwambiri zimatha kuzimiririka. Kick (ng'oma yaikulu ija), besi ndi mawu otsogolera zikhale pakati. Mawu akwere pang'ono kuposa mmene mukuganizira, kuno anthu amakonda nyimbo chifukwa cha zomwe ikunena, ngakhale yovina.

Za kukweza voliyumu pa master, musalimbane nazo mopitirira. Spotify imasalaza nyimbo kuti zimveke mofanana cha pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa voliyumu), ndiye mukaifinya kwambiri kuti iphokosere kuposa za anzanu iwo amangoitsitsa, inu mwataya kugunda kwa ng'oma pachabe. Komabe musaisiye yofooka, poti pa flash ya DJ ndi pa memory card palibe amene akusalaza, ikakhala yotsika kwambiri imamveka ngati ya masiku a kaseti ikatsatana ndi ya ku Nigeria. Pezani pakati. Ine ndisanavomereze master ndimaiika mu foni, n'kutuluka panja, n'kuimvera nditaimirira m'mbali mwa msewu magalimoto akudutsa. Ndikamva mawu onse a kolasi ndi kugunda kwa kick, yatheka. Ndikapanda kumva timabwerera.

Sitepe 6: Ma stem ndi mapepala, lero lomwe

Iyi ndi sitepe yosakoma koma remix yonse imadalira pano. Nyimbo ikangotha uzani pulojusa akupatseni WAV ya master (fayilo yosafinyidwa), instrumental (zida zokha), acapella (mawu okha), ndi ma stem onse, kutanthauza chida chilichonse pa fayilo yakeyake kuyambira pa ziro, alembenso BPM ndi kiyi pa dzina la foda. Sungani malo awiri, pa flash ndi pa Google Drive.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Zaka zingapo zapitazo tinapanga nyimbo ndi mchemwali wina, inayenda bwino ndithu m'maukwati, mpaka woyimba wina wa dziko loyandikana nalo anatumiza uthenga kuti akufuna aponyemo vesi. Tinasangalala usiku wonse. M'mawa ndikuti nditsegule project, hard drive ikungolira tiki tiki tiki, magetsi anali atazima ndi kuyaka kangapo sabata imeneyo ndipo ine ndinalibe backup, chomwe tinatsala nacho ndi MP3 ya pa WhatsApp. Tinayesa kuipanganso biti kuchokera m'mutu koma gitala ija sinabwererenso mmene inalili, tinachedwa masabata atatu, mkulu uja anasiya kuyankha. Masiku ano kuli mapulogalamu olekanitsa mawu ndi zida pa MP3, amathandiza pa ngozi, koma khutu lozolowera limamva kuti mawuwo ali ndi timadzi.

Mapepala nawo. Lembani split sheet, pepala limodzi lonena kuti wapeka mawu ndani, wapanga biti ndani, aliyense ali ndi maperesenti angati, onse asayine tsiku lomwelo mukadali kuseka limodzi. Kenako kalembetseni nyimboyo ku COSOMA, bungwe lomwe lakhala likutolera ndalama za eni nyimbo kuno kuyambira 1992. Mukaona ngati ndi zachibwana kumbukirani Jerusalema, nyimbo yomwe inavinidwa dziko lonse lapansi mu 2020, koma mu 2021 Nomcebo Zikode yemwe anaiyimba ananena poyera kuti sanalandire ndalama zake, kampani nayo n'kuyankha zake, nkhani n'kufika kwa maloya. Ngati zinavuta pa nyimbo ya msinkhu umenewo, kuli bwanji yanu yomwe munagwirizana pakamwa muli pa chiwaya cha chipisi.

Sitepe 7: Tulutsani yoyambayo, ndipo ipatseni mpata

Ikani pa nsanja zonse kudzera kwa distributor, kampani yokuikirani nyimbo pa nsanjazo, ngati DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, osaiwala Audiomack, Boomplay ndi YouTube komwe anthu a bandulo yochepa amapezeka. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, ndipo mukaika nyimbo kudakali masiku osachepera 7 isanatuluke mutha kuipereka kwa okonza ma playlist kudzera pa Spotify for Artists. Tumizani ku mawailesi ndi kwa ma DJ, pa WhatsApp fayilo muitumize ngati document kuti ifike mmene ilili.

Kenako dikirani muone. Zizindikiro zoti nyimbo ili ndi moyo si ma like a anzanu. Ndi pomwe anthu osawadziwa ayamba kuigwiritsa ntchito m'mavidiyo awo, DJ yemwe simunamupatse kanthu akuiika yekha, mwaimva ikulira pa kabaza wa njinga yamoto kapena mu saluni mukudutsa, kapena manambala akuonetsa mzinda womwe simunauganizire ngati Lusaka, Chipata kapena Johannesburg. Zimenezi zikaoneka pitani pa sitepe 8. Zikapanda kuoneka patatha miyezi iwiri itatu, bwererani pa sitepe 3 mukonze nyimboyo kapena lembani ina.

Onani nyimbo zikuluzikulu zomwe remix inazikweza, zonse zinali zikuyenda kale. Despacito ya Luis Fonsi ndi Daddy Yankee inatuluka mu Januwale 2017 ndipo inali itavuta kale m'maiko olankhula Chisipanishi pomwe Justin Bieber analowamo mu Epulo, kenako inakhala pa nambala 1 pa Billboard Hot 100, tchati cha nyimbo zotchuka ku America, masabata 16. Jerusalema inayamba kuuluka ndi kavidiyo ka achinyamata a ku Angola ovina mbale za chakudya zili m'manja kumayambiriro kwa 2020, remix ya Burna Boy inabwera mu Juni moto utayaka kale. Essence ya Wizkid ndi Tems inali pa chimbale cha Made in Lagos cha mu Okutobala 2020, inakwera yokha pang'onopang'ono pafupifupi chaka, Bieber anabwera mu Ogasiti 2021 n'kuikankhira mu top 10 ya ku America.

Sitepe 8: Sankhani mtundu wa remix molingana ndi chomwe chikusowa

Mawu oti remix timangowagwiritsa ntchito pa zinthu zosiyana, ndiye tiyeni tizilekanitse.

Pali yoika mlendo pa biti yomweyo. Iyi ntchito yake ndi kubweretsa makutu atsopano, basi. Calm Down ya Rema inatuluka mu Febuluwale 2022, Selena Gomez analowamo mu Ogasiti chaka chomwecho, biti sanaisinthe kwenikweni, koma anthu a Selena omwe sakanaimva anaimva, mpaka inafika nambala 3 pa Hot 100 mu 2023. Funso loti mudzifunse ndi lakuti mlendoyu ali ndi anthu omwe ine ndilibe? Ngati nonse mumayimba m'mabala omwewo a mu Lilongwe ndipo okutsatirani ndi amodzimodzi, mwangogawana nsima yomwe inali yanu kale. Bola woyimba wa ku Zambia yemwe Chinyanja chake chikugwirizana ndi nyimbo yanu, kapena wa gospel ngati uthenga ukulola, kapena wa hip hop ngati inu ndinu wa zachikondi, kapenanso wa Chitumbuka kuti nyimbo ikwere kumpoto.

Pali yosintha biti yonse mawu n'kukhala omwewo. Iyi ndi ya pomwe nyimbo ndi yabwino koma chovala chake sichikugwirizana ndi komwe mukufuna ipite. Cheerleader ya OMI wa ku Jamaica inatuluka mu 2012 n'kumangoyenda kwawo ndi malo ochepa, mu 2014 DJ wa ku Germany Felix Jaehn anaivula zida zambiri, n'kuifulumizitsa, n'kuikamo lipenga ndi ting'oma, mu 2015 inakhala nambala 1 ku America ndi ku Britain, moti ambiri sadziwa n'komwe kuti kuli yoyamba. Kwa ife izi zikutanthauza kuti nyimbo yanu yachikondi ya 95 BPM itha kupeza moyo wina pa amapiano, koma chenjerani, kukoka mawu kuchoka pa 95 kufika pa 113 kumawapangitsa kumveka ngati a chidole, bola kuyimbanso kolasi pa liwiro latsopanolo. Ndipo si nyimbo iliyonse imafuna log drum abale, ina mukaithira imangokhala ngati mwathira shuga mu ndiwo.

Pali yomwe anthu apanga okha osakupemphani, yofulumizitsa kapena yochedwetsa ya pa TikTok. Mtima umafuna kukwiya, koma taonani za CKay. Love Nwantiti inatuluka mu 2019, anapanga remix ndi Joeboy ndi Kuami Eugene mu 2020 ndi ena a maiko osiyanasiyana, koma yomwe inaiphulitsa dziko lonse mu 2021 inali ya ma DJ yomwe inayenda pa TikTok, ndipo mapeto ake inatulutsidwa mwalamulo dzina la CKay lili pamwamba. Ndiye mukaona mfana wina wafulumizitsa nyimbo yanu ndipo ikuyenda, mupezeni, gwirizanani, muitulutse pa akaunti yanu kuti ma stream abwere kwanu. Kapena mutsogole ndinu, tulutsani yofulumizitsa (sped up) yanu pakatha sabata ziwiri, siidya ndalama.

Ndipo pali kuukitsa nyimbo yakale, komwe kuno tili ndi umboni wathuwathu. Agogo a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anakhala akuyimba Linny Hoo zaka zambirimbiri, koma Patience Namadingo atakhala nawo pansi mu 2020 n'kuijambulanso pa kagundidwe ka reggae, mawu omveka bwino, kanema wosavuta wa anthu awiri akuyimba akusangalala, nyimboyo inadzayenda pa TikTok mpaka maiko omwe Chichewa sachidziwa. Mukafuna njira imeneyi pitani kwa mwini nyimbo kapena banja lake kaye, mwaulemu, ndi pepala.

Sitepe 9: Kukambirana ndi mlendo

Mtengo wa vesi ndi nkhani imodzi chabe, ndipo si yaikulu. Zomwe muyenera kumanga ndi izi: adzapezeka mu vidiyo? Adzaposita pa masamba ake kangati, ndipo liti? Dzina lake lilembedwa ngati featured kapena ngati main artist? Funso lomalizali ambiri salidziwa koma ndi lolemera, chifukwa akalembedwa ngati main artist nyimboyo imaonekera pa tsamba lake la Spotify ngati yake ndipo omutsatira amaipeza mosavuta, pomwe featured imakabisala pansi. Ngati ali pansi pa kampani, kampaniyo ivomereze molemba, apo ayi tsiku lotulutsa mudzangoona nyimbo yatsitsidwa.

Ndalama musapereke yonse kumayambiriro. Theka poyamba, theka vesi ikafika ndipo mwaimva. Ndanena kuti mwaimva chifukwa madolo ena akaona kuti ndinu wamng'ono amakutumizirani vesi yomwe inatsala pa nyimbo ina, yosakhudzana ndi mutu wanu olo pang'ono, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuti akonze. Split sheet ilembedwenso yatsopano ya remix yokha, maperesenti a mlendo achoke pa remix, asakhudze yoyamba ija.

Pokonza nyimboyo musamuike mlendo kumapeto ngati mphotho ya omwe apirira. Anthu ake akubwera kudzamva iyeyo, ndiye amveke msanga, kaya atsegule ndi iye kaya alowe ikangotha kolasi yoyamba, kenako abwerenso ayankhane nanu mu kolasi yomaliza kuti zimveke kuti munapangira limodzi. Koma kolasi isachoke m'manja mwanu. Imeneyo ndiye nyumba yanu, mlendo agone kuchipinda cha alendo.

Sitepe 10: Nthawi yotulutsa, ndi kuwerengera

Remix itulutseni pomwe yoyamba yafika pamwamba ndipo yayamba kuima, isanatsike. Mukafulumira kwambiri mwapha yoyamba isanakule, mukachedwa anthu apita kale kwina. Old Town Road ndi phunziro pa zimenezi, mu Malichi 2019 Billboard anaichotsa pa tchati cha nyimbo za country ati si country mokwanira, anthu ali mkati mokangana iwo anatulutsa remix ndi Billy Ray Cyrus mu Epulo, kenako miyezi yotsatira anaponyanso ma remix ena, wina ndi Young Thug ndi Mason Ramsey, wina ndi RM wa BTS. Poti Billboard imaphatikiza manambala a remix ndi a yoyamba ngati nyimbo imodzi, remix iliyonse imathira nkhuni pa moto womwewo, ndipo inakhala pa nambala 1 masabata 19.

Koma inu musatengere zonse, kuno masamu ake ndi ena. Pa nsanja za stream remix ndi nyimbo ina, ili ndi ISRC (nambala yoizindikiritsa) yakeyake, ndipo kuyambira 2024 Spotify siilipira nyimbo yomwe sinakwanitse ma stream 1,000 pa miyezi 12. Ndiye ngati omvera anu ndi ochepa n'kuwagawa pa ma version asanu, mutha kupeza kuti atatu sakubweretsa olo tambala. Umodzi wabwino ndi wokwanira, mwina ndi sped up pambali.

Ndipo tinene zoona, woyimba wa kuno ndalama yeniyeni amaipeza pa mashoo, m'maukwati, kwa makampani ofuna nkhope yake pa malonda, ndi kangachepe ka ku COSOMA, ma stream ndi ndiwo zapambali. Choncho powerengera ngati remix ikuyenera, lembani zonse zotuluka, vesi ya mlendo, situdiyo, vidiyo, transport, kukankha pa Facebook ndi TikTok, kenako dzifunseni kuti ndi mashoo angati omwe abwere chifukwa cha remix imeneyi, ndipo mtengo wanga ukwera ndi zingati? Ngati remix ndi wa ku Zambia ikutsegulirani Chipata ndi Lusaka, ndalamayo ibwerera. Ngati yankho ndi loti anthu adzangoti mfana uja wayimba ndi dolo, ganizaninso kawiri.

Tsiku lotulutsa konzani foda imodzi ya ma DJ, muli remix yoyera, yaitali ya mu kalabu, instrumental ndi acapella, kuti ofuna kusakaniza asakanize. Vidiyo ya remix ikhale ndi chithunzi chosiyana ndi yoyamba kuti anthu asaganize kuti anaiona kale, ndipo pansi pake ikani link ya yoyambayo.

Mfana uja wa flash tinagwirizana zoyamba ndi sitepe 3. Tinadula intro kuchoka pa masekondi 40 kufika pa 6, tinakoka kolasi kubwera kutsogolo, tinachotsa piyano imodzi mwa ziwiri zomwe zimalimbana ndi mawu ake, vesi yachitatu yonse tinataya ngakhale anadandaula kuti ndi yomwe anailemba akulira. Ma stem analibe, pulojusa wake woyamba anasamukira ku Joni ndi laputopu yomwe, ndiye biti taipanganso ndipo abwera Lachiwiri kudzayimbanso mawu. Ndalama ya dolo ija ndamuuza aisunge pa foni mpaka tione ngati saluni ya pafupi ndi kwawo iyambe kuiika yokha.